Maliro a Mjigo wa ku Tsalani

Ku Ufumu wa Tidzaona, kumene ine ndinabadwira, khansala saoneka wamba. Mukafuna kuona khansala wanu, pafe munthu kaye. Musaseke, ndi lamulo limenelo, ndipo mmene linayambira ndikudziwa bwino chifukwa mnzanga Lezina ali ndi mlamu wake amene amakolopa kubwalo la mfumu ku Mipandoyofewa, likulu lathu, ndipo mayi ameneyo makutu ake ndi akuthwa kuposa anga.

Akuti zinayamba pa chisankho chapita chija. Khansala wina anachititsa msonkhano pabwalo la sukulu n'kumalonjeza mlatho. Ndiye mayi wina wogulitsa mandasi anaimika dzanja mwaulemu n'kufunsa kuti nanga mlatho umene analonjeza ulendo watha uja uli kuti, kuti mwina milatho iwiriyi iziyenderana. Khansalayo anakomoka pomwepo. Anamukupiza ndi chipewa mpaka kuchipatala.

Nkhani itafika kwa Mfumu Gonanikaye Wachitatu, nduna zonse zinaitanidwa. Nduna ya Bata inati vuto si mlatho ayi, vuto ndi mafunso. Ina inati aletse kuimika manja m'dziko lonse, ngakhale kusukulu. Ina inati athetse mandasi. Anakangana mpaka chakudya chamasana, atadya anayambiranso. Kenako mfumu, imene nthawi yonseyi inali itatsinzina, inatsegula diso limodzi n'kufunsa ngati mu ufumu muno muli malo amene munthu angayankhule zimene akufuna anthu ali phee, mitu ili pansi, popanda woyankha. Nduna zonse zinayankhira pamodzi kuti pamaliro. Basi lamulo linatuluka tsiku lomwelo: khansala, kapena aliyense wofuna ukhansala, azikumana ndi anthu pamaliro pokha.

Wodi yathu ndi ya Tsalani. Khansala wathu anali a Lofati Chikadza a chipani cha Ambulera, bambo wonenepa, wonunkhira sopo, amene amayenda ndi kampango koyera kolirira. Dalaivala wawo anauza mchemwali wa Lezina kuti kampangoko amakanyowetseratu m'galimoto. Opikisana nawo ulendo uno anali Mayi Dolofe Sambakunsi a chipani cha Wilibala. Iwowa amalira bwino kuposa a Chikadza, chifukwa amayambira kumsewu, asanafunse n'komwe kuti wamwalira ndani.

Tsono chisankho chitayandikira, mjigo wathu unafa. Unayamba ndi kulira ngati mbuzi, kenako kumalavula timadzi pang'onopang'ono, tsiku lina tinapopa mpaka mikono kuwawa koma osatuluka kanthu. Amene anabwera kudzauona anati si nkhani yaikulu, pali kamphira kena kake pansi penipeni kamene katha. Koma kamphirako kamasungidwa kukhonsolo, ndipo sikatuluka popanda mawu a khansala.

Ine zinandiwawa, chifukwa pamjigo ndi pamene nkhani zonse zinkafikira. Kumtsinje aliyense amapita nthawi yake, komanso pobwera pali chitunda, ndiye munthu sungajede uli wefuwefu. Koma amene zinawawawa zenizeni ndi amayi anga aakulu, a Nachanza, wapampando wa komiti ya mjigo. Iwo ankaphika thobwa logulitsa pamsika wa Tsalani, ndipo thobwa mukudziwa kuti ndi madzi. Msana wawo unali wovuta kale. Atayamba kuphikira madzi a kumtsinje, kumene ng'ombe zimamwera n'kuchitiramo zina, makasitomala anayamba kununkhiza kapu asanamwe, kenako anasiya kubwera. A Nachanza ankadziwa chinthu chimodzi: mjigo ukapanda kudzuka voti isanachitike, sudzadzukanso, chifukwa kuno anthu akavota amatha ntchito ngati chitsononkho.

Ndiye anavala nsalu yawo ya kutchalitchi n'kukwera kabaza mpaka kukhonsolo ku Mipandoyofewa. Kalaliki wa kumeneko anawalandira bwino, n'kuwapatsa mpando.

"Kwanuko kwamwalira ndani, mayi?" anafunsa.

"Palibe, bambo. Tonse tili bwino."

"Pepani kwambiri," anatero kalalikiyo. "Mukachita mwayi mudzatiuze."

Tsoka lathu linali limenelo. Chaka chimenecho ku Tsalani sikunkafa munthu. Mbatata inachita bwino, ana ananenepa, ngakhale zidakwa zinkagwa m'ngalande n'kudzuka. Pamene kwa anzathu a wodi ya Mitumbira, tsidya la msewu, kunagwa matenda otsekula m'mimba, ndiye magalimoto a zipani sankachoka. Amayi a kumeneko ankabwera kumsika kwathu atavala nsalu zatsopano, ya Ambulera m'chiuno, ya Wilibala kumutu, akuyenda monyang'wa. Wina anauza a Nachanza kuti iwo a khansala amawaona mpaka kutopa nawo, ndipo kabichi wa pamaliro wawakola. Anati ife a ku Tsalani vuto lathu ndi kuumira moyo, n'chifukwa chake sititukuka.

Anthu anayamba kuwayang'ana mwachilendo a Zuze Kapalamula. Amenewa anali wokhoma zidebe pamsika, wamkulu kuposa aliyense m'wodi yonse, wakamwa loyabwa kuposa langa. Akangotsokomola, msika wonse unkatembenuka. Anyamata a zipani ankabwera m'mawa uliwonse kudzawafunsa mmene adzukira, akayankha kuti adzuka bwino anyamatawo ankachoka nkhope zili zakugwa. Tsiku lina a Zuze anaika hamala pansi n'kuyankhula mokweza kuti ogulitsa tomato amve.

"Ndamva kuti mukundidikira. Pepani ana anga, ine sindifa nyengo ya kampeni. Ndidzafa bwinobwino pandekha, popanda wondinamizira pamutu."

Nzeru inawabwerera a Nachanza akukwera chitunda chija ndi ndowa pamutu. M'mawa mwake tinangoona adula nthambi za masamba n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku, monga timachitira pakagwa zovuta. A njinga anayamba kutsika, abambo kuvula zipewa. Atafunsidwa kuti watisiya ndani, a Nachanza sanabise. Anati mjigo. Anati unabadwa tonse tikuona, unatitumikira, wafa, ndiye uli ndi ufulu wolira ngati wina aliyense. Maganizo awo anali akuti a Chikadza ndi Mayi Sambakunsi akabwera, aliyense adzafuna kuoneka wachifundo kuposa mnzake, ndipo chipepeso chimene adzapemphe anamfedwa ndi kamphira basi.

Uthenga wa maliro utafika ku Mipandoyofewa, nduna zinakhalanso pansi. Nduna ya Miyambo inakana. Inati mjigo ulibe mfunda, ulibe mwinimbumba, sunavinidwe, nanga mbiri yake akawerenga zotani? Zinaoneka ngati zakanika. Koma Nduna ya Chuma, imene siyankhula kawirikawiri, inafunsa mofatsa ngati chinthu chikaikidwa m'manda pamabweranso munthu kudzapempha kuti chikonzedwe. Anaiyankha kuti ayi. Ndunayo inamwetulira n'kunena kuti ngati zili choncho, mjigowo uikidwe mwaulemu wonse. Mfumu, osatsegula n'komwe diso, inati uuse mumtendere.

Zimenezi ine ndinazimva kwa Lezina ndipo ndinathamanga kukawauza a Nachanza, makamaka za kumwetulira kuja. Iwo anati mwana wamkazi wa pakamwa ngati ine sadzakwatiwa, ndikasese pabwalo alendo akubwera.

Pamene analakwitsa ndi apa. Maliro amafuna namfedwa, ndipo poti iwo ndiwo anali wapampando, amayi anzawo anawakhazika iwowo. Abambo anamasula mutu wa mjigo ndi chogwirira chake n'kukazigoneka pamphasa m'nyumba mwa a Nachanza, n'kufunditsa nsalu. Nyumbayo inasanduka siwa. A Nachanza anamanga mpango, n'kukhala pansi kumutu kwa malemu, miyendo tambalale. Atakhala kale ndi pamene anakumbukira kuti namfedwa sayankhula pamaliro. Amakhala m'siwa, amalira, amamuyankhulira ena. Anaitanitsa a Zuze msangamsanga n'kuwapempha kuti akayankhule m'malo mwa banja. Anawabwerezera mawu amodzi omwewo, akuti kamphira, mpaka a Zuze anati awaleke, iwo si mwana wa sukulu ya mkaka.

Tsiku la maliro, abale, Tsalani sinaonepo zotere. A Chikadza anatulukira ndi bokosi lagalasi, la zogwirira zonyezimira, pamwamba atajambulapo ambulera. Mayi Sambakunsi atamva zimenezo anabweza galimoto yawo panjira, n'kubwera ndi lole yodzaza simenti, mchenga ndi mwala wa chiliza. A Chikadza anaitanitsa tenti. Mayi Sambakunsi anaitanitsa tenti yokulirapo ndi kwaya. A Chikadza anagula mbuzi, Mayi Sambakunsi ng'ombe. Nsalu zinagawidwa kwa mayi aliyense, ngakhale ine ndinalandira, ndinanama zaka. Anthu a ku Mitumbira anabwera kudzaonerera ndipo nsanje inkaoneka pankhope. Madzi ophikira chakudya chonsecho tinakatunga ndife atsikana, kumtsinje, kukwera ndi kutsika chitunda mpaka makosi kuuma.

A Chikadza anayamba kuyankhula. Anati malemuwa ankawadziwa bwino kwambiri, anali ngati mchemwali wawo weniweni, ndipo nthawi zambiri ankabwera mwakachetechete kudzamwa madzi awo. Ife tinayang'anana, chifukwa bamboyo amayenda ndi madzi a m'botolo ngakhale posamba m'manja, koma pamaliro munthu sayankha. Anatulutsa kampango kaja. Kanadontha ndithu.

Mayi Sambakunsi anayamba ndi kugwa pansi. Atawadzutsa anati malemuwa sanafe imfa ya Mulungu, aphedwa ndi a Ambulera, ndipo iwo akapambana palibe mjigo umene udzaikidwe m'manda mopanda ulemu m'wodi muno.

Kenako inafika nthawi ya banja. A Zuze anaimirira atavala jekete limene anawapatsa a Ambulera ndi nsapato zimene anawapatsa a Wilibala. Ine ndinkaganiza kuti agulidwa basi. Koma ayi ndithu. Anathokoza mafumu, anathokoza adzukulu okumba manda, n'kutsokomola kamodzi, anyamata a zipani n'kudzuka pang'ono m'mipando.

"Malemuwa sanadwale nthawi yaitali," anatero a Zuze. "Chawapha ndi kamphira kakang'ono ngati chivindikiro cha botolo. Akuti kali kukhonsolo. Kakabwera kameneko, malemuwa adzuka lero lomwe, ndipo bokosili mubwerera nalo mukasungire wina mwa inu."

Ine ndinali kuseri kwa mipando ya akuluakulu ndi beseni losambitsa m'manja, ndiye ndinamva zonse. A Chikadza anapendekera kwa mkulu wa kampeni yawo n'kufunsa kuti kamphirako kamakhala pati. Anawayankha kuti pansi penipeni, m'kati mwa paipi. Anafunsa ngati pangajambulidwe ambulera. Anawayankha kuti mwina kakang'ono, koma palibe amene angadzakaone. A Chikadza anapukusa mutu. Mbali inayo Mayi Sambakunsi ankanong'onezana ndi anthu awo zomwezo, ndipo ndinamva akufunsa kuti madzi akayamba kutuluka, anthu adziwa bwanji kuti ndi madzi a Wilibala.

A Chikadza anaimiriranso, nkhope ili yachisoni. Anati tisawaseke agogowa, chisoni chimatero, munthu amakana kuvomereza kuti wokondedwa wake wapita, amati mwina adzuka. Anati chofunika ndi kulimba mtima. Mayi Sambakunsi anaimirira n'kunena kuti kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo akugwirizana ndi a Chikadza. Anagwirana chanza. Kwaya inayamba nyimbo.

A Nachanza anamva zonsezi kudzera pawindo. Anadzambatuka pamphasa paja, msana n'kuiwala kuti umawawa, n'kuthamangira pakhomo mpango uli m'manja.

"Ndikufuna kamphira ine! Bokosi lanulo bwererani nalo!"

Amayi anawagwira, wina mkono uwu wina uwu, monga amagwirira namfedwa akafuna kudzigwetsa. Ankawasisita kumsana n'kumati limbani mtima a Nachanza, tonse tidzapita komweko. Iwo akakuwa, kwaya inkakweza mawu. Alendo ochokera kutali anagwetsa misozi yeniyeni, akuti sanaonepo munthu wokonda malemu chotere. Amayi a ku Tsalani ankadziwa bwinobwino chimene a Nachanza ankalirira, pajatu mawa lake omwewo ndi amene ankakatsika chitunda. Koma anali atavala kale nsalu zatsopano, ng'ombe inali ikununkhira, ndiye anawagwira zolimba.

Adzukulu ndi amene anamaliza nkhani. Mkulu wawo anati mwambo sulola kuika mutu kwina miyendo kwina, ndipo poti miyendo ya malemu, mapaipi aja, inali kale m'nthaka, manda akhala pamjigo pomwepo. Anakumba pambali, anatsitsa bokosi lagalasi, anakwirira. Amisiri a Mayi Sambakunsi anayamba kuthira simenti. Inatsalako yambiri, koma mayiwo anati simenti ya pamaliro sibwerera kunyumba, ndiye yotsalayo anaithira m'paipi mpaka inadzaza. A Chikadza ataona kuti chiliza chonse chikhala cha Wilibala anatumiza galimoto kukatenga simenti yawo, n'kuthira pamwamba pa inzake. Chiliza chinakwera mpaka kufika m'chiuno mwa munthu wamkulu. Pamwamba analembapo dzina la a Chikadza mbali iyi, la Mayi Sambakunsi mbali inayo, zilembo zikuluzikulu. Mawu akuti Mjigo anawapanikiza pakona, pamafunika kuwerama kuti uwaone.

Chisankho chinachitika. Anapambana ndi a Chikadza. Kumsika anati chinawapambanitsa ndi galasi lija, chifukwa simenti aliyense anaionapo. Mayi Sambakunsi sanadandaule nthawi yaitali. Mawodi ena atamva za ng'ombe ndi nsalu anayamba nawo kuyala masamba pamsewu: kwina analira mlatho, kwina denga la sukulu, kwina ambulansi. Ntchito inachuluka moti mfumu inawapatsa mayiwo udindo woyang'anira maliro a katundu wa ufumu, ndi galimoto yakuda. Khonsolo inalengeza kuti Tsalani ndi wodi yoyamba m'dziko la Tidzaona yopanda mjigo wowonongeka ngakhale umodzi, ndipo tinapata chikho. Chikhocho chili kunyumba kwa a Chikadza, akuti amaikamo maswiti.

A Nachanza anavalanso nsalu ya kutchalitchi n'kubwerera kukhonsolo. Kalaliki uja anawapepesa maliro, n'kuwauza kuti timphira ndi ta mijigo yodwala, osati yomwalira. Atapempha mjigo watsopano, kalalikiyo anadabwa kwambiri. Anati mayi, ngakhale kumeta simunamete, mukufuna kale kulowetsa wina m'malo mwa malemu, anthu adzati chiyani?

Mvula itagwa, mtsinje unasanduka phala. Matenda a ku Mitumbira aja anawoloka msewu n'kufika kwathu. Ana ambiri anadwala, Lezina anagonekedwa kuchipatala koma anachira. A Zuze sanachire.

Tinayala masamba pamsewu, enieni tsopano. Uthenga unapita ku Mipandoyofewa, ndipo yankho linabwera lakuti a khansala akupumula, kampeni inawatopetsa. Akuti lamulo limati azikumana ndi anthu pamaliro pokha, silinena kuti pamaliro aliwonse. Sikunabwere tenti, sikunabwere kwaya. Bokosi la a Zuze analikhoma ndi matabwa a chitseko cha shedi yawo ya zidebe, ndipo linali lalifupi pang'ono. Anawaveka jekete la Ambulera ndi nsapato za Wilibala, chifukwa zovala zabwino zimene anali nazo ndi zomwezo. Popita kumanda tinadutsa pachiliza cha mjigo, umene ukugona m'galasi. Woyankhula anangoti malemuwa ankakhoma zidebe zosadontha, n'kukhala pansi. Palibe amene anawanamizira pamutu, monga ankafunira.

Thobwa a Nachanza anasiya. Pano amakazinga mtedza, akuti mtedza sufunsa madzi. Koma akumwa ndi ophikira amatungabe kumtsinje ngati tonsefe, ndipo chilizacho chili pamwamba penipeni pa chitunda, pamene mpweya umathera. Kutalika kwake n'kwabwino, umatula ndowa osawerama, ukapuma n'kuisenzanso wekha popanda wokutukula. Atsikana tonse timaima pamenepo tsopano, moti nkhani zinabwerera pamalo ake akale, madzi okha ndi amene sanabwerere.

Ndinaona kuti a Nachanza akafika satula ndowa paliponse. Ngakhale mbali ya Mayi Sambakunsi ikhale yopanda munthu, amadikira mpaka mbali inayo patachoka ndowa ya wina, n'kukhazika yawo pamwamba penipeni pa dzina la a Chikadza, matope a kumtsinje akuyenderera m'zilembo. Tsiku lina ndinalephera kupirira, ndinawafunsa chifukwa chake. Anapukuta thukuta ndi nsalu ya Ambulera ija, imene pano inasanduka nkhata.

"Ndi khansala wanga ameneyu, mwanawe," anatero. "Mulekeni andisenzereko."